Kaundula wa Nankhwazi

Pa Nankhwazi panali sukulu ziwiri, ndipo zonse zinafa. Yoyamba inali sekondale yogonera pompo, ya njerwa zofiira ndi mitengo ya bulugama m'mbali mwa msewu. Anaitseka mu 2006, panopa muli mpingo wina umene umapemphera ndi zokuzira mawu kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Yachiwiri inali MCDE, kutsidya kwa mtsinje, m'shedi yakale yogulira thonje, komwe tinkapita ife amene sitinasankhidwe kupita ku sekondale. Imeneyo inkathera fomu thuu, ukalemba JC basi kwanu, ndipo lero mukugona mbuzi. Ine ndine wa ku shediko, ndipo kuno ku London anzathu a sekondale salola kuti ndiiwale.

Tili ndi gulu lathu, Ana a Nankhwazi, anthu ngati makumi anayi omwazikana kuyambira ku Peckham mpaka ku Romford. Wapampando ndi Ivy Mvula, mwini sitolo ya mankhwala ku Wembley, amene amalankhula Chichewa ngati chikumuotcha lilime. Ivy ndinakula naye. Bambo ake anali ahedi pa pulaimale ya kwathu, sitandade 8 tinkakhala moyandikana, ndipo masamu ankakopera kwa ine. Kuno zimenezo sitizikamba. Iye ndi wapampando, ine ndine Mayi a Chiko, wosamalira okalamba ku Romford, amene amabwera ndi mandasi.

Chaka chatha gululi linaganiza zolemba kabuku ka mbiri ya sukulu zathu, poti sekondale ija ikanakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ikanakhala moyo. Pamsonkhano anakangana ola lathunthu ngati MCDE ilowe m'bukumo kapena ayi. Biswick, amene amayendetsa mwambo wathu uliwonse chifukwa palibe angamulande maikolofoni, ndiye anagamula.

"Tiipatse half page kumbuyo," anatero. "For completeness."

Anthu anaseka, nane ndinaseka nawo, zomwe zimandinyansa mpaka lero. Koma pofika pa funso loti atayipe ndani, maso onse anagwera pa ine. Ntchito ikakhala yotopetsa, a ku shedi timakumbukiridwa msanga.

Mapepala ake ankachokera kumudzi. Kuli bambo wina, a Edgar, amene anali kalaliki wa sekondaleyo. Tsiku lomwe ankaitseka, anthu akulimbirana mabedi ndi mapoto, iwo anangonyamula makaundula olembamo ana n'kukawasunga m'katoni kunyumba kwawo. Ndiwo amene ankajambula tsamba ndi tsamba pa foni n'kumanditumizira, zithunzi zopendekeka, zina chala chawo chikuonekera pakona. Mzere uliwonse unali ndi dzina la mwana, mudzi, dzina la kholo, tsiku lobadwa, ndi kachithunzi ka mutu wometa komata ndi guluu.

Ndinkawerenga pa nthawi yopuma kuntchito. Lachiwiri lina masana, nditamaliza kudyetsa nkhalamba zanga, ndinakhala m'kachipinda ka antchito ndi kapu ya tiyi n'kutsegula fomu wani ya 1988. Ndinkafuna ndione anzanga akale, ndiseke makutu awo. Ndinafika pa nambala 31. Justina Likongwe. Mudzi, Chitekwe. Kholo, Anderson Likongwe. Wobadwa pa 9 Marichi 1974.

Justina Likongwe ndine. Ndisanakwatiwe, ndisanakhale mayi a munthu, ndinali ameneyo. Chitekwe ndi kwathu, Anderson ndi bambo anga, tsiku lobadwa ndi langa. Koma nkhope ya pa kachithunzi inali ya Ivy, ndi mpata wa mano ake uja. Tiyi ndinakamutaya mu sinki.

Zotsatira za mayeso zitabwera chaka chimenecho, ahedi anatisonkhanitsa pabwalo n'kuwerenga mayina atatu a osankhidwa. Dzina lachitatu linali la mwana wawo, Ivy. Langa munalibe, ine amene ndinkakhala nambala wani teremu iliyonse. Nditafika kunyumba bambo sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anangoti, "Nzeru zija zinali zapakamwa," n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo sanandiyang'anenso m'maso. Ananditumiza ku Ndirande kwa azakhali kukachapa matewera, zaka zinayi. Pobwerera ndinakalowa ku shedi kuja ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pakati pa tiana tonditcha anti. Nthawi imeneyo Ivy anali atamaliza kale, ndipo bambo ake anali atasamutsidwa kalekale. Bambo anga anamwalira mu 1997 tisanakambirane kanthu.

Munthu ukauzidwa uli mwana kuti ndiwe mbuli, umasenza basi. Kuntchito andiuza katatu konse kuti ndikachite maphunziro a unamwino, katatu konse ndakana. Ndikangomva mawu oti mayeso, ndimabwerera m'mbuyo.

Zosintha mayina sizinali zachilendo masiku amenewo. Wobwereza sitandade 8 ankalemba pa dzina latsopano kuti asaoneke wobwereza. Wina ankapita ku sekondale pa dzina la msuweni wake amene wasowa fizi. Biswick yemweyu pa satifiketi ndi Felton, ndipo amanena yekha akalawa kamowa. Koma amenewo ankapemphana pachibale. Ine palibe anandipempha.

Loweruka ndinakwera sitima ya Elizabeth line, n'kusinthira Jubilee mpaka ku Wembley. Pakhomo pa sitolo ya Ivy pali kachikwangwani kachitsulo kolembedwa J. I. Mvula. Ndadutsa pamenepo zaka ndi zaka, J ameneyo osamufunsa. Ivy anandilowetsa m'kachipinda koyezera anthu kuthamanga kwa magazi, ine n'kumupatsa foni. Anayang'ana, anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, kenako anamwetulira.

"Koma ndinali wowonda," anatero.

Amenewo ndiye anali mawu ake oyamba.

"Ivy, dzina langa ilo."

"I know, asisi. Ndimadziwa kuti tsiku lina mudzaliona. Koma tinali ana, fourteen years. Adadi anangoti mawa ukupita ku school, akakaitana Justina uziyankha. Ndikanatani ine?"

"Zaka twente tili limodzi muno mu London. Wadya kwanga. Chiko unamunyamula ndiwe pa ubatizo."

"Ndiye nkhani yake ndikanaiyamba bwanji? Komanso dzina lanu sindinalichititse manyazi. Lili pa ma degree awiri."

Ananena zimenezi ngati munthu amene akubweza chitenje chobwereka atachichapa n'kuchisita. Ndinayang'ana manja ake osalala, ndinayang'ana anga osweka ndi sopo wa kuntchito, ndipo ndinanyansidwa naye mpaka m'mano. Iye sanaone. Anakokera mpando pafupi n'kutsitsa mawu.

"Page imeneyo isalowe m'buku, please. Ma papers anga onse ali pa dzina limenelo, registration, chilichonse. Azungu sangamvetse zakwathu, kwa iwo ndi fraud basi. Mukufuna nditseke shop chifukwa cha zinthu za 1988?"

Potuluka anandikankhira m'chikwama kabotolo ka mafuta opaka msana, akuti paja ntchito yanu ndi yonyamula anthu. Ndinakasiya pa mpando wa pasiteshoni.

Tsiku lomwelo Ivy analemba pa gulu la pa foni kuti zithunzi za makaundula sizikuoneka bwino, ndiye bukulo likhale la mawu okhaokha. Anthu anaponya tizala tovomereza mmodzimmodzi, mwinanso osawerenga. Ine ndinatayipa zomwe ankafuna: chaka chomwe anamanga holo, mayina a ahedi onse, chikho cha mpira cha 1979. Za nyemba za anankafumbwe munalibe. Za ana a fomu wani amene ankatsukitsidwa zimbudzi ndi manja m'dzina la mwambo munalibenso. Theka la tsamba la ku shedi ndinalilemba ndekha, ndipo nalonso analidula kuti malonda a sitolo ya Ivy akwane.

Sindinkafuna sitolo yake itsekedwe, Mulungu ndi mboni. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti zimveke pagulu, ine ndili pomwepo, kuti ndinakhoza. Bambo anga sangamvenso, koma amve awa amene akhala akundipatsa epuloni zaka zonsezi.

Mpata unalipo. Tikakumana a Nankhwazi tili ndi mwambo woitana mayina ngati pa asembule. Woyendetsa mwambo amaitana dzina, mwini wake n'kuimirira kuyankha kuti "Present, sir." Amene ali ku Malawi timamuyankhira kuti ali kumudzi, amene anamwalira timati ause mumtendere. Pa chikondwerero chotulutsira bukulo anagwirizana zoitana kalasi yonse ya aliyense amene abwere, ndipo Biswick anandipempha kuti ndimusindikizire mndandanda. Ndinamusindikizira monga momwe zinalili m'kaundula wa a Edgar, osachotsa kanthu.

Chikondwererocho chinali Loweruka masana mu Julaye, m'holo ya tchalitchi china ku Wembley. A sekondale anabwera atavala yunifomu, malaya oyera ndi mataye obiriwira ogona pa mimba zazikulu. Azimayi a zidzukulu anali m'masokosi oyera ofika m'mawondo. Ife a ku shedi tinalipo asanu, ndipo poti yunifomu tinalibe, anatiika kuseri kwa tebulo la mpunga ndi nkhuku. Ivy analankhula mphindi makumi awiri za khalidwe ndi kuona mtima komwe sukulu inawaphunzitsa. Anthu anaomba m'manja, ine ndikuwerenga mapuleti.

Kenako Biswick anayamba kuitana. Anadutsa 1983, anadutsa 1985, amuna akuluakulu akudzuka ngati tiana n'kumaseka okha. Anafika pa 1988, kalasi yake yomwe. Anadziitana yekha Felton n'kudziyankha, holo yonse n'kufa nako kuseka. Atafika pa nambala 31 anaima, anatembenukira ku tebulo lapamwamba komwe kunali Ivy, mano onse pamtunda.

"Dzina ili ndinaliiwala, anthuni. Madam chair, mwakonzeka? Justina Likongwe."

Ivy anali atagwira tambula ya madzi, sanaifikitse pakamwa.

"Ndilipo," ndinatero ine, chipande cha mpunga chili m'manja.

Anthu anaseka, poyesa nthabwala. Biswick anagwedeza chala.

"Mayi a Chiko, musalowere pawindo. A ku shedi tikuitanani tikatha kudya."

"Werengani mzere wonse, a Biswick."

"Ndi chiyani kodi?"

"Werengani mudzi ndi dzina la kholo."

Anawerenga, akumwetulirabe pa mawu oyamba, kumapeto kumwetulira kutatha.

"Chitekwe ndi kwathu," ndinatero. "Anderson Likongwe ndi bambo anga. Justina Likongwe ndine, ndipo amene anasankhidwa chaka chimenecho ndine. Kalata yake sinandipeze. Amene munkakhala naye m'kalasi ndi uyo, mwana wa ahedi."

Mawu anga anafika mpaka kumbuyo. Ndinaima pamenepo ndikudikira, sindikudziwa kuti ndinkadikira chiyani, mwina munthu mmodzi woti anene kuti pepani. Amene anayamba kulankhula anali Maureen, mlembi wa gulu, atapinda manja pa taye yake.

"Koma zimenezi si za pano, asisi. Pali alendo."

"Zakale izo," wina anatero kumbuyo. "Tonse tinali ndi ma names."

Biswick anatsokomola, anayang'ana pepala, n'kuitana nambala 32. Bambo wina wadazi anadzuka theka n'kunena chapansipansi kuti "Present, sir." Nambala 33 anali kumudzi. Pofika pa 36 anali atayambiranso kuseka. Anthu ophunzira, a madigiri awo, anaimeza nkhaniyo ngati piritsi n'kumwera madzi. Sindinanyansidwepo ndi anthu a kwathu ngati tsiku limenelo.

Nthawi ya chakudya Ivy anaima pa mzere ngati wina aliyense. Atafika pa ine anatambasula puleti, nkhope ili gwa, ndipo analankhula mosatsegula mano kuti ena asamve. Za asisi zinali zitatha.

"Wandiyalutsa, chabwino. Koma adadi sanabe kanthu. Amayi ako alipo, uwafunse."

Ndinamuikira mpunga, chifukwa dzanja linazolowera. Kenako ndinavula epuloni n'kutuluka.

Panja panali chikhamu cha anthu opita ku sitediyamu, atavala zipewa zonyezimira, akuimba. Ndinatsamira khoma la holo n'kuimba foni ya mng'ono wanga Eliza, amene amakhala ndi amayi ku Chitekwe. Mawu a Ivy ndinawatenga ngati chipongwe cha munthu wogwidwa. Chimene ndinkafuna ine chinali kuuza amayi nkhani yabwino. Ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, koma mutu uli bwinobwino. Eliza anawapititsira foni pakhonde.

"Amayi, ndine Justina. Ndili ndi nkhani. Mayeso aja a sitandade 8 ndinakhoza. Ndinasankhidwa kupita ku Nankhwazi."

Ndinanena ngati kamwana kothamanga ndi lipoti kuchokera kusukulu, ine mayi wa zaka makumi asanu. Ndinkayembekeza nthungululu, kapena kulira. Ndinangomva nkhuku ikutetera chapatali.

"Wamva kwa ndani?" anatero amayi.

Sanafunse ngati zili zoona.

"Amayi, munkadziwa?"

"Ahedi anabwera okha kunyumba, iwe uli kumtsinje. Anabwera mwaulemu ndithu, anakhala pa mpando uja wa bambo ako. Bambo ako anati fizi ya mwana wamkazi tilibe, malowo angopita pachabe. Ndiye anagwirizana."

"Anagwirizana chiyani?"

"Anatipatsa malata khumi ndi awiri."

"Nanga zonena kuti nzeru zanga n'zapakamwa?"

"Akanapanda kutero ukanavuta. Unali wofunsafunsa iwe, ukanapita mpaka ku boma." Ndinamva akusuntha pa mkeka. "Nyumba inkadontha, Justina. Iwenso unagonamo."

Sindinagonemo ngakhale mwezi, ananditumiza ku Ndirande malatawo asanazizire. Koma sindinawatsutse. Ndinakumbuka m'mawa womwe ngolo inafika nawo, ine ndikuthandiza kutsitsa limodzilimodzi, maso otupa ndi kulira, ndikusamala kuti ndisawakande. Ndinkaganiza kuti bambo agulitsa thonje.

"Wangoti chete bwanji?" anatero amayi. "Si uli ku London iwe? Chakusowa n'chiyani?"

M'holo muja anali atayamba nyimbo ya sukulu, mawu aamuna akukwera bwino. Ndinafunsa funso lopusa lomwe linabwera pakamwa. Ndinafunsa ngati malatawo alipobe.

"Enawo anachita dzimbiri kalekale," anatero amayi. "Anatsala awiri. Tinafolera chimbudzi."